Tikuloza chala olakwika pa nkhani ya mpatuko

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhulepo pa nkhani imene yatigawa kuno ku Thyolo, m'mabanja, pamaliro ngakhalenso pamjigo: nkhani yotchulana ampatuko. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinagwira ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi mpaka nditapuma. Sukulu ya ubusa sindinapiteko, koma ndaphunzitsa kalasi kwa zaka zambiri, ndipo mabuku a mbiri ya mpingo amene abusa okalamba ankandibwereka ndinawawerenga ndi mtima wonse. Chikundiwawa n'chakuti amene tikuwaloza chala kawirikawiri ndi akhristu anzathu ongosiyana nafe tsiku lopemphera kapena kabatizidwe, pamene ziphunzitso zimene zikulanda anthu ndalama ndi kuwatsitsira kumanda tikungoziyang'ana, zina mpaka taziitanira kuguwa.

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Mukayenda kuchokera pa Luchenza kudzera pa boma mpaka ku Makwasa, matchalitchi amene mudutse simungawawerenge. Kusiyana kumeneku sikunayambe dzulo. A Church of Scotland anakhazika mishoni yawo ku Blantyre mu 1876. Joseph Booth atafika mu 1892 n'kuyamba kubatiza momiza, kwinaku akulipira antchito ake bwinoko kuposa azungu ena, amishoni amene anawapeza anamuona ngati wosokoneza ndi wakuba nkhosa. Mishoni imene anatsegula kuno anaitcha Plainfield, a Seventh-day Adventist anaigula mu 1902, ndiyo lero tikuiti Malamulo. Mnyamata amene ankagwira ntchito pakhomo pa Booth, John Chilembwe, ndi uja nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamukumbukira pa 15 January. Aroma nawo anafika ku Nzama mu 1901, ndipo agogo athu ankauzidwa kuti asakwatirane nawo chifukwa amapembedza mafano. Koma kalata ya maepiskopi awo itawerengedwa m'matchalitchi mu March 1992, ife tomwe tinaimva ngati yathu, ndipo ufulu umene inatsegulira njira tikudya tonse. Mayi anga anagonekedwapo ku chipatala cha Malamulo, ndipo palibe namwino amene anawafunsa tsiku limene amapemphera asanawabaye jakisoni.

Wina asandimve ngati ndikunena kuti chiphunzitso chilichonse n'chabwino bola munthu akutchula dzina la Yesu. Ayi ndithu. Chiphunzitso choona chilipo, chonyenga chiliponso, ndipo mpingo umene sutha kusiyanitsa ziwirizi watha ntchito. Paulo analembera Agalatiya mawu owawa kwambiri pa za anthu olalikira uthenga wina. Yohane anati mizimu tiziiyesa. Funso langa ndi lakuti muyeso wake ndi uti, ndipo tikaupeza tiziugwiritsa ntchito motani.

Mkangano wina waukulu pa nkhaniyi unabuka mu Africa momwe muno, mumzinda wa Alexandria ku Egypt. Wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu anachita kulengedwa, kuti inalipo nthawi imene iye kunalibe. Nkhaniyi inagwedeza mpingo mpaka mfumu Constantine anaitanitsa maepiskopi ku Nicaea mu 325. Kumeneko anagwirizana kuti Mwana ndi wobadwa, si wolengedwa, ndipo ali ndi umulungu umodzi ndi Atate. Ana a kalasi akandifunsa chifukwa chake anthu akuluakulu anakanganirana zotere, ndimawafunsa kuti amene anafa pamtanda paja anali ndani. Ngati anali cholengedwa chabe, kaya chikhale chachikulu kuposa angelo onse, ndiye kuti Mulungu anangotuma wantchito, iye mwini osabwera. Athanasius, amene pambuyo pake anakhala episkopi wa Alexandria, anaumirira kuti wotipulumutsa ayenera kukhala Mulungu mwini, popeza cholengedwa sichingabwezere cholengedwa chinzake kwa Mlengi. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unatsindika zomwezo n'kufotokozanso za Mzimu Woyera. Apa pokha ndimaima osasuntha, chifukwa Yesu akangokhala wolengedwa, mgonero umene timadya ndi nyimbo zimene timaimba kumanda zonse zasanduka nthano.

Tsopano werengani bwino chikhulupiriro chimene anatisiyira, kaya cha ku Nicaea kaya cha Atumwi chimene timanena titaimirira. Muli Atate wolenga zonse, Mwana wobadwa mwa Mariya, wopachikidwa pansi pa Pontiyo Pilato, wouka tsiku lachitatu, wodzabweranso. Muli Mzimu Woyera, mpingo, kukhululukidwa kwa machimo ndi kuuka kwa akufa. Mulibe kuchuluka kwa madzi obatizira. Mulibe mtundu wa yunifolomu ya amayi, mulibe ng'oma kapena limba, mulibe nkhumba kapena mlamba, mulibe zoti tizigwada kapena tiziimirira popemphera. Zimenezi ndi nkhani zenizeni, ndipo ine ndili ndi maganizo anga pa iliyonse. Ana anga anabatizidwa ali makanda ndipo ndingateteze zimenezo ndi malemba. Koma Paulo pa Aroma 14 ananena za anthu osiyana pa masiku ndi zakudya, ndipo sanauze mbali ina kuti ithamangitse inzake. Anati aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake, asiye kuweruza wantchito wa mwini.

Mbiri yomweyo imatichenjezanso kuti amene wapambana pamsonkhano kapena amene ali pafupi ndi mfumu si ndiye wolondola nthawi zonse. Patangopita zaka zochepa msonkhano wa ku Nicaea utatha, mphepo inatembenuka kunyumba yachifumu. Athanasius, amene lero tonse timamutcha mzati wa chikhulupiriro, anathamangitsidwa pampando wake kasanu. Constantine yemweyo anabatizidwa ali pafupi kumwalira mu 337 ndi Eusebius wa ku Nicomedia, bwenzi la Arius. Akanakhala kuti choona chimapimidwa ndi mphamvu, bwenzi wampatuko ali Athanasius.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Chalcedon mu 451. Msonkhano umenewo unanena kuti Khristu ndi mmodzi, Mulungu weniweni komanso munthu weniweni, m'zikhalidwe ziwiri. Akhristu ambiri a ku Egypt anakana kanenedwe kameneka, ndipo mpingo wa ku Ethiopia unatsata a ku Egypt. Kwa zaka zoposa 1,500 anthu amenewa ankawerengedwa m'gulu la ampatuko ndi mipingo ya ku Ulaya. Mu 1973 Papa Paul VI ndi mtsogoleri wa mpingo wa ku Egypt wa Coptic, Shenouda III, anakhala pansi n'kusaina chikalata chovomereza limodzi kuti Khristu ndi Mulungu wangwiro ndi munthu wangwiro. Zinaoneka kuti mbali yaikulu ya mkanganowo inali kusamvetsetsana komanso ndale za maufumu. Mu February 2015 amuna 21, pafupifupi onse a mpingo umenewu, anaphedwa m'mphepete mwa nyanja ku Libya chifukwa cha dzina la Yesu. Ndani mwa ife angaimirire n'kunena kuti sanali akhristu? Chimodzimodzi Aroma ndi a Lutheran: atatembererana kuyambira nthawi ya Martin Luther, mu 1999 anasainirana ku Augsburg kuti pa nkhani ya kulungamitsidwa mwa chisomo akugwirizana pa mfundo zazikulu, ndipo mipingo ya Reformed inalowa nawo mu 2017. Akuluakulu awo anagwirana chanza kalekale, ife kumudzi tikukanizabe ana kukwatirana.

Ndipo ngakhale munthu atalakwitsadi chiphunzitso, kodi mankhwala ake ndi moto? Jan Hus anawotchedwa ku Constance mu 1415. Michael Servetus, amene ankakana Utatu Woyera, anawotchedwa ku Geneva mu 1553, John Calvin akuvomereza kuti aphedwe. Ndikutchula dala Calvin chifukwa mpingo wanga ndi mdzukulu wa chiphunzitso chake, ndipo magazi amenewo sitingawakankhire kwa Aroma. Servetus analakwa pa za Utatu, koma omuwotcha anachimwa tchimo loposa.

Sitifunikanso kupita ku Geneva. Ife a zaka zathu tikukumbuka zimene zinachitikira a Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967. Chiphunzitso chawo pa za Yesu n'chofanana kwambiri ndi cha Arius, ndipo ine sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono. Akabwera pakhonde panga ndimawapatsa mpando, timatsegula Yohane 1, timatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Koma anthu amenewa anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anachotsedwa ntchito, chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 anathawa mwaunyinji kupita ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo ambiri anakathera m'misasa ya m'boma la Milange, kungodutsa malire a ku Muloza. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. M'mudzi mwathu banja lina linachoka usiku, chimanga chili m'munda, ndipo mbuzi zawo anagawana anthu amene Lamulungu lotsatira anakhala nafe m'tchalitchi. Mlandu wawo unali wa ndale, koma chimene chinatseka pakamwa akhristu ambiri ndi maganizo akuti amenewo ndi ampatuko, zawo zimenezo. Dzina limeneli likamatidwa pa munthu, anthu amasiya kumuona ngati mnansi.

Ndifike tsono pa chimene chandilembetsa kalatayi. Mwana wa mlongo wanga ankathyola tiyi. Amene anaimapo pasikelo akuidziwa ntchito imeneyi: kulawira kusanache, dengu kumsana, pepala la pulasitiki m'chiuno lotchinga mame, zala zong'ambikang'ambika, chiperoni chikuwaza, kenako kuima pamzere kudikira kuti kalaliki alembe makilo. Mayiyu ankamwa ma ARV kwa zaka, ndipo anali wojintcha, dengu lake linkalemera kuposa la amuna ena. Kenako anayamba kupita kumapemphero a usiku kwa mneneri wina amene anachita lendi kanyumba pafupi ndi msika. Tsiku lina anandionetsa kabotolo ka mafuta, kotalika ngati chala, nkhope ya mneneriyo itamatidwa pamwamba. Anagula ndi malipiro a masabata awiri. Anati, "Amalume, munthu wa Mulungu wandiuza kuti ndachira. Ndikamwanso mankhwala ndiye kuti ndikumuyesa Mulungu wabodza." Ndinamudandaulira, mayi ake analira, alangizi a zaumoyo anabwera mpaka pakhomo. Iye ankangoyankha kuti ife tilibe chikhulupiriro. Miyezi itapita anayamba kutsokomola, dengu linamukanika, ndipo pamene anavomera kupita kuchipatala kunali kutachedwa. Titakonza m'nyumba mwake tinapeza mabotolo a mankhwala osatsegula atakulungidwa m'chitenje pansi pa mphasa. Anasiya ana atatu.

Monga mwinimbumba ndinapita kukauza akulu a mpingo umene iye anali kupemphera chikwatiwire. Sindiutchula. Anandilandira mwaulemu, anapepesa, kenako anati malirowo saimba chifukwa malemuyo anapita kumpatuko ndipo khadi lake la chopereka linasiya kulembedwa. Mneneri uja sanaponde pamaliropo, anangotumiza uthenga woti mayiyo anafa chifukwa chikhulupiriro chake chinachepa. Amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali amayi oyandikana nawo nyumba amene amapemphera Loweruka. Adzukulu atamaliza kukumba, amene anatsogolera pemphero kumanda anali mphunzitsi wa Aroma wa m'mudzi momwemo, amene anangobwera kudzakhuza. Onsewa ndi anthu amene ambiri a ife timawatchula mayina onyoza tikakhala patokha.

Mwambo wodula munthu mumpingo ndimaudziwa, ndakhalapo pa milandu yotere, ndipo sindikuti uthe. Koma cholinga chake n'kubweza munthu wamoyo. Wakufa sangalapenso. Kukana kuimba maliro kumalanga ana amasiye ndi nkhalamba imene yataya mwana, ndipo kumawaphunzitsa kuti mpingo ndi kalabu ya olipira. Mayi uja sanaphunzitse aliyense chonyenga. Iye anali nkhosa yogwidwa, ndipo chilango chonse chinagwera iye, wom'gwirayo mpaka lero akugulitsabe mafuta.

Ngati tikufuna chiphunzitso chonyenga choti tilimbane nacho, ndi chimenechi, ndipo si chachilendo. Pa Machitidwe 8, Simoni wamatsenga anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro n'kumuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo chifukwa anayesa kuti mphatso ya Mulungu n'njogula. Chimene chinautsa Luther mu 1517 chinali malonda a Johann Tetzel, amene ankagulitsa zikalata zochotsera anthu chilango cha machimo. Kalata yachiwiri ya Petro imanena za aphunzitsi amene chifukwa cha umbombo adzasandutsa anthu malonda. Munthu wonena kuti machiritso ali m'kabotolo kake, kuti dalitso limakula malinga ndi mbewu imene wafesa mu envelopu, kuti pemphero lako silifika pokhapokha lidzere mwa iye, wakhudza pamtima penipeni pa uthenga. Wachotsa Khristu pamalo pa mkhalapakati n'kudziikapo yekha. Akhoza kunena chikhulupiriro cha Atumwi chonse osaphonya liwu, koma mtanda wausandutsa sitolo.

Nanga zoti kumwa mankhwala n'kusakhulupirira anazitenga kuti? Luka anali sing'anga ndipo Paulo ankamutcha wokondedwa. Paulo yemweyo analangiza Timoteo chomwa chothandiza m'mimba mwake, ndipo Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto osamunena kuti alibe chikhulupiriro. Yesu atachiritsa akhate anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, amene ntchito yawo inali kupima ndi kutsimikiza. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo ndimapempherera odwala. Koma wochiritsidwa ndi Mulungu saopa kukayezetsa magazi. Mneneri amene amaletsa anthu ake kupita kukayezetsa akudziwa chimene chikapezeke.

Palinso ena amene ntchito yawo n'kuloza mfiti. Mwana akadwala, bizinesi ikagwa, mtsikana akapanda kukwatiwa, amauza anthu kuti pali gogo wina kumudzi amene wamanga zinthu. Banja limene linkadyera mbale imodzi limagawikana, nkhalamba n'kuthamangitsidwa pamalo pamene inabadwira. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma zikanenedwa pa maikolofoni m'dzina la ulosi, aliyense amangoti ameni.

Apa ndisamale, chifukwa wina angaganize kuti ndikunena mipingo yonse ya chipentekoste. Ndili ndi anzanga abusa a mipingo imeneyi amene amaperekeza okha odwala kuchipatala pa njinga, ndipo namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba mu March 2023 anatsegula matchalitchi awo kuti anthu agonemo osafunsa za mpingo. Iwonso akudandaula ndi amalonda amenewa. Ndiponso matendawa alowa kale m'mipingo yathu yakale. Tikamawerenga mayina kutsogolo kuti uyu wapereka zakuti, uyu sanapereke, tikamayang'ana khadi tisanavomere kuimba maliro, tikugulitsa chinthu chomwecho, kungoti ife timalemba m'kaundula.

Chimene chikuchititsa kuti anthu athu azitengeka n'chakuti sitikuwaphunzitsa. Kalasi yasanduka yongoloweza mayankho kuti mwana abatizidwe msanga. Ulaliki wambiri ndi wa chitukuko cha nyumba ya abusa ndi mpanda. Mkhristu wa zaka makumi atatu mumpingo mukamufunsa chifukwa chimene timanenera kuti Yesu ndi Mulungu, amangoti ndi mmene timakhulupirira kwathu. Munthu wotere akakumana ndi wolankhula mokoma wodziwa mavesi khumi, amagwa tsiku lomwelo. Chonsecho Buku Lopatulika tili nalo m'chinenero chathu kuyambira 1922, ndipo Buku Loyera linabweranso mu 1998. A ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona. Ngati Paulo ankayesedwa, mneneri wa pamsika ndi ndani kuti asafunsidwe? Mtsogoleri aliyense amene ukamufunsa funso amayankha kuti usakhudze wodzozedwa, amene alibe akulu omudzudzula ndiponso ndalama za mpingo zimalowa pa foni yake, anthu athu ayenera kuphunzitsidwa kumuthawa.

Boma sindikulipempha kuti litisankhire chiphunzitso. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chipembedzo, ndipo taona kale zimene zimachitika boma likayamba kusankha opemphera oyenera. Za Utatu ndi za Sabata zisiyireni ife, tizitsutsana ndi Baibulo m'manja. Koma kuuza wodwala kuti ataye mankhwala, kapena kumulanda malipiro ake pomulonjeza zabodza, kumeneko n'kuvulaza munthu, ndipo apolisi ndi a zaumoyo asachite manyazi chifukwa wolakwayo wavala suti yoyera. Mafumu athunso azifunsa bwino asanapereke malo omangapo tchalitchi: munthuyu wachokera kuti, anamutuma ndani, akalakwa tikadandaule kwa yani.

Kwa abusa ndi ansembe a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene m'madera ambiri mumakumana kale m'mabungwe anu, ndikupempha kuti mugwirizane chinthu chimodzi chooneka: mkhristu aliyense akamwalira aziimbidwa, kaya khadi lake linadumpha miyezi, kaya anasocherako kwa aneneri. Mugwirizanenso kuti Loweruka ndi Lamulungu la sabata imodzi nonse mulalikire poyera kuti kumwa mankhwala si tchimo ndipo dalitso la Mulungu siligulidwa. Anthu akamva mawu amodzi kuchokera kwa Aroma, a Sabata, a Chipresbateria ndi a chipentekoste, amalonda aja adzasowa pobisala.

Inunso akonzi mungathandize. Tsegulani danga m'nyuzipepala muno loti owerenga azitumiza mafunso a chiphunzitso, ndipo funso lililonse aziyankha atsogoleri a mipingo iwiri kapena itatu yosiyana, aliyense atchule malemba amene waimapo. Funso loyamba ndapereka kale ine: kodi munthu amene wapemphereredwa asiye kumwa ma ARV? Ndikufuna ndione yankho la aliyense litalembedwa, dzina lake ndi mpingo wake zili pansi.

Mkulu wa mpingo,
Luchenza, Thyolo